Lipoti la msonkhano wa akatswiri oyeza minofu: zotupa za kummero

A Wapampando ndi anzanga nonse a mu labotale yathu, ndikuthokoza kuti munandituma kukakuimirirani ku msonkhano uja. Ndikupatsirani zimene tinakambirana pa nkhani ya kusiyanitsa chotupa cha kummero chomwe ndi khansa ndi chomwe si khansa.

Zotupa za kummero zosakhala khansa ndi zochepa ndithu. Chofala mwa izo ndi leiomyoma, chomwe chimamera mu mnofu wa m'khoma la mmero, khungu lamkati lili bwinobwino pamwamba pake. Khansa zodziwika ndi ziwiri: squamous cell carcinoma, yomwe ndiyo yochuluka padziko lonse, ndi adenocarcinoma, yomwe kawirikawiri imayambira kumunsi, kufupi ndi chifu, pamene asidi wobwerera kukhosi wasintha khungu lamkati, vuto lotchedwa Barrett.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa zinthu zimene zimanamiza maso pa maikulosikopu. M'mbali mwa chilonda, kapena pomwe pali mafangasi a Candida, maselo amene akuchira amatupa ndi kugawikana mofulumira mpaka kuoneka ngati oopsa, chonsecho umboni weniweni wa khansa yolowerera ndi wakuti maselo abowola kansalu kopyapyala komwe khungu lamkati limakhalirapo n'kulowa m'minofu ya pansi. Chonamiza kwambiri ndi chotupa chotchedwa granular cell tumour: nthawi zambiri si khansa, koma khungu la pamwamba pake limatha kukhuthala ndi kuzika mizu yonga ya squamous cell carcinoma. Wotenga kanyama (kachidutswa ka mnofu kokayeza) akangokanda pamwamba, ife tikhoza kulemba khansa pomwe palibe, munthu n'kudulidwa mmero popanda chifukwa. Utoto wa S100, womwe timapaka pa kanyama mu labotale, ndiwo umaonetsa maselo a chotupachi, bola kanyamako kafike pansi.

Leiomyoma nayo imafanana ndi gastrointestinal stromal tumour (GIST), chotupa chosowa kummero koma chotha kufalikira. Leiomyoma imagwira utoto wa desmin ndi SMA, pomwe GIST imagwira CD117 ndi DOG1, ndipo kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa GIST ili ndi mankhwala ake, imatinib.

Chimene chandikhudza mtima kwambiri ndi kalembedwe ka zotsatira. Munthu amene chakudya chikumutsamwa ndiponso akuonda, ngati tizidutswa take taonetsa khungu la pamwamba lokha, tisamalembe kuti palibe khansa, chifukwa dokotala akawerenga mawu amenewo amamutumiza kunyumba. Tizilemba poyera kuti kanyama sikanafike pa chotupa ndipo katengedwenso. Ndikupempha kuti tigwirizane ndi anzathu ounika kummero ndi kamera kuti pa chotupa chokayikitsa azitenga tizidutswa 6 mpaka 8, kutiika msanga mu mankhwala osungira minofu, formalin wa 10 peresenti, ndi kulemba pa fomu pomwe chotupacho chili komanso maonekedwe ake. Ndakonza fomu yatsopano yoti tidzaiunike pamodzi tikadzakumananso.