Malire a liwiro m'misewu ya m'mapiri awunikidwenso

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi anzanga okonda galimoto komanso akuluakulu oyang'anira misewu yathu. Ine ndine mmodzi wa anthu amene amasangalala akagwira chiwongolero. Ena galimoto amangoifuna kuti iwafikitse kumene akupita, koma enafe chimene chimatikoka ndi ulendo weniweniwo: kumva injini ikusintha mawu pachitunda, kulowa pakona mwaluso n'kutulukapo wokhala kumbuyo osatsamira pachitseko. Chandilembetsa kalatayi n'chakuti anzathu ambiri ayamba kuyesa kuti kukoma kwa misewu yokhotakhota kuli pa kuthamanga, ndipo malire a liwiro amene tili nawo kumidzi sakuwathandiza kuona kuti akulakwitsa.

Ndiyambe ndi Khwekhwelere, chifukwa kwa ine palibe msewu wina woposa umenewu m'chigawo chapakati. Mumapatuka pa Masasa pamsewu wa M1, pakati pa Dedza ndi Ntcheu, n'kuyamba kutsetsereka kulowera ku Golomoti kumene mumakakumana ndi M5. Kumtunda mumanyamuka mutavala juzi, mphepo ya ku Dedza ikulowa m'mafupa. Makona akayamba amangotsatana, lina kumanja lina kumanzere, phiri mbali iyi phompho mbali inayo. Kukakhala kopanda nkhungu chigwa chonse chimaonekera patali, mpaka madzi a nyanja kuchita kunyezimira. Mukatsegula windo mumamva mpweya ukusintha pang'onopang'ono, kuzizira kukutha, kutentha kwa kunyanja kukubwera, ndipo mukayamba kuona milambe mumadziwa kuti mwafika pansi. M'mbali mwa msewu muli amisiri osema amene amayala tigalimoto, tinjinga ndi tindege tamatabwa, tina tokhala ndi zitseko zotseguka ndi matayala ozungulira. Munthu wodutsa pamenepo ngati wathamangitsidwa saona chilichonse mwa zimenezi. Amangoona phula ndi kumbuyo kwa galimoto imene akufuna kuipitirira.

Kumpoto kuli Chiweta, kumene M1 imatsika kuchokera mbali ya Rumphi kukagwera m'mphepete mwa nyanja, anyani atakhala m'mbali kudikira amene angawaponyere nthochi. Patsogolo pang'ono, pa Chitimba, pali msewu wakale wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, ku mishoni imene Robert Laws anaikhazikitsa pa Khondowe m'chaka cha 1894. Makona ake okwana 20 ndi opindika kotheratu, moti galimoto yaitali imachita kubwerera m'mbuyo kuti ikhote. Kummwera tili ndi msewu wokwera phiri la Zomba, wa Thyolo wodutsa m'minda ya tiyi, ndi chitsetse chochoka ku Blantyre kutsikira ku Thabwa polowera ku Chikwawa. Alendo amalipira ndalama zambiri kuti adzaone malo amenewa. Ife tili nawo pakhomo.

Koma misewu imeneyi si yathu tokha okonda galimoto, ndipo apa ndi pamene anzanga ena safuna kumva. Kuseri kwa kona iliyonse kuli munthu amene akukhala moyo wake. Pali bambo wa makala amene wasanja matumba atatu panjinga yakapalasa, akutsika chitsetse mabuleki atatha kalekale, akuchepetsa liwiro pokhuza chidendene cha nsapato patayala. Katundu wake ndi wotambalala kuposa njingayo, ndipo sangapatukire kumbali chifukwa kumbaliko kulibe malo, phula likangotha ndi ngalande. Mnzake akukwera, akukankha njinga mokhotakhota kuti chitunda chimupepukire, mutu uli pansi, thukuta lili kamukamu. Pali ana opita kusukulu oyenda m'gulu, mbuzi zimene zimadumpha msewu mosayang'ana, ngolo yopanda nyale madzulo, ndi wa kabaza amene wakweza mayi, mwana ndi thumba la chimanga. Palinso lole imene yafera pakona penipeni. Dalaivala wake wathyola nthambi n'kuziyala mumsewu ngati chenjezo, ndipo akakonza n'kunyamuka, miyala imene anatsekera matayala amaisiya pomwepo kuti wobwera m'mbuyo akumane nayo usiku. Aliyense amene amayenda m'misewu ya m'mapiri anazionapo zimenezi.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala watcheru amatenga sekondi imodzi kapena kuposerapo kuti diso liuze phazi kuti liponde buleki, ndiye mamita 22 apita asanachite kanthu. Akaponda, pamafunikanso mamita oposa 30 kuti galimoto iime, ndipo pamenepo n'kuti phula lili louma, matayala ali abwino. Zonse pamodzi ndi mamita oposa 50. Nanga pakona pamene thanthwe kapena udzu wautali ukukulolani kuona mamita 30 okha? Ndiye kuti chilichonse chimene chili kuseriko muchigunda galimoto isanaime. Pa liwiro la makilomita 40 pa ola, galimoto yomweyo imaima pa mamita pafupifupi 20. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wa mabuleki umawirikiza kanayi, ndipo mvula ikagwa kapena chiperoni chikanyowetsa msewu umatalika kuposa pamenepo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanenanso kuti mwayi woti woyenda pansi afe akagundidwa ndi galimoto umakwera kuposa kanayi liwiro likachoka pa makilomita 50 kufika pa 65 pa ola. Kusiyana kwa makilomita 15 okha, kumene dalaivala saakumva n'komwe ali m'kati mwa galimoto yotseka mawindo wailesi ikuimba.

Vuto limene ndikuliona ndi lakuti malire a liwiro kumidzi sakutsata mmene msewu ulili. Pofika pamalo a malonda timaona chikwangwani cha 50, ndipo n'choyenera. Tikatuluka pamenepo, malire amodzi omwewo amagwira ntchito pamsewu wowongoka wa m'chigwa komanso pamakona a m'phiri, pokhapokha ngati pali chikwangwani china. Nthawi zambiri chikwangwanicho palibe. China chinagwa, china chinafufutika ndi dzuwa, china chabisika m'tchire, ndipo zina anthu anazula n'kukasula zinthu zina. Madalaivala ambiri, makamaka achinyamata amene angotenga kumene laisensi, amatenga nambala ya malire ngati liwiro limene ayenera kufikapo. Amati lamulo likundilola. Mlendo amene sanatsikepo Chiweta alibe chomuuza kuti kona imene ikubwerayo ndi yopindika kuposa zimene wadutsa, mpaka ataiona yekha mochedwa.

Mbali inanso, ndipo apa ndikuyankhulira madalaivala anzanga, pali malo ambiri kumene chikwangwani cha 50 chilipo polowa koma chosonyeza kuti malirewo atha palibe. Munthu amayenda mtunda wautali m'tchire lopanda nyumba asakudziwa ngati ali mololedwa kuwonjezera moto kapena ayi. Zoterezi zimaphunzitsa anthu kunyoza zikwangwani zonse, zabwino ndi zosafunika zomwe. Apolisi apamsewu nawonso amakonda kuima ndi makina oyezera liwiro pamalo owongoka pafupi ndi matauni. Ndikumvetsa chifukwa chake, pakuti pamenepo pali malo oimitsira galimoto popanda kuchititsa ngozi ina. Koma zotsatira zake n'zakuti dalaivala amadziwa pamene ayenera kuchenjera ndi apolisi, amawalitsirana nyale ndi anzake, ndipo akafika m'phiri mmene muli imfa yeniyeni amamasuka.

Pempho langa kwa a Roads Authority ndi a nthambi ya Road Traffic ndi lakuti chitsetse chilichonse chachikulu chiyenderedwe ndi akatswiri, kona ndi kona, ndipo aike malire ogwirizana ndi mtunda umene dalaivala akutha kuona. Pena pakhale 60, pena 40, pena ngakhale 30, ndipo pamene msewu wawongoka n'kutalikirana ndi midzi aikenso chikwangwani chomasula anthu kuti ayende bwino. Malire oona anthu amawalemekeza. Pamwamba pa chitsetse pakhale malo oti malole ndi mathankala aime, ayese mabuleki, alowe giya yaikulu mphamvu asanayambe kutsika. Chiweta imanyamula mathankala a mafuta ochokera ku Dar es Salaam ndi malole a malasha, ndipo galimoto zolemera chotero zikatsika zitadalira mabuleki okha, mabulekiwo amatentha n'kusiya kugwira. M'maiko ena amapatula kanjira kodzaza mchenga kapena miyala ing'onoing'ono m'mbali mwa chitsetse kuti lole yoduka mabuleki ikatitimire mmenemo. Kwathu kuno lole yotero imakaimira pa anthu. Sitinaiwale zimene zinachitika pamsika wa Kampepuza ku Ntcheu m'chaka cha 2019, pamene lole inalowa pakati pa anthu ochita malonda m'mbali mwa msewu.

Ndalama zake zisakhale chonamizira. Kuyambira m'chaka cha 2021 takhala tikulipira pazipata za pamsewu, kuyambira pa Chingeni kenako pa Kalinyeke, kuwonjezera pa msonkho wa misewu umene timapereka pa lita iliyonse ya mafuta. A Roads Fund Administration ndi amene amasunga thumba limeneli. Penti ya mizere, zikwangwani zowala usiku, kutchetcha udzu m'makona ndi kubwezeretsa zitsulo zotchinga phompho zimene zinagundidwa kalekale, zonsezi ndi zotchipa poyerekeza ndi kumanga kilomita imodzi ya msewu watsopano. Mafumu a m'midzi yoyandikana ndi misewuyi akhale nawo pa zokambirana, chifukwa ndi iwo amene amadziwa pamene ana amawolokera, tsiku la msika, ndi amene amazula zikwangwani.

Kwa inu anzanga okonda galimoto, ndilankhule mosapsatira. Ndaona magulu akunyamuka Loweruka m'mawa kupita kunyanja, galimoto zitandandana, aliyense akufuna kuonetsa kuti yake ndi yamphamvu. Wina akuyendetsa ndi dzanja limodzi, linalo lagwira foni akujambula muvi wa liwiro kuti akaike pa Facebook kapena pa TikTok. Wina akudula kona, kudya mbali ya mnzake pamene sakuona kutsogolo. Pobwerera Lamulungu madzulo ena amakhala atalawako. Zimenezo si luso. Kuponda moto aliyense angathe, ngakhale mwana amene wangophunzira dzulo. Luso ndi kutsika Khwekhwelere yense tayala lanu losakhudza mzere wapakati, mabuleki osanunkha pofika pa Golomoti, okwera nawo akucheza osagwira mpando. Luso ndi kuchepetsa liwiro musanalowe pakona osati muli m'kati mwake, kusankha giya yoyenera kuti injini ikuthandizeni kugwira galimoto, ndi kuyang'ana kumene msewu ukuthera m'maso mwanu. Ambirife timayendetsa galimoto zakale zochokera ku Japan zosintha zokha magiya, ndipo alipo ochuluka amene sanagwiritsepo ntchito 2 kapena L chigulireni. Magiya amenewo anawaikira zitsetse ngati zimenezi. Ndipo nambala ya 180 imene yalembedwa pa wotchi ya liwiro ya galimoto yanu sinaganizire matayala akaunjika amene mwavekawo, kapena dzenje limene mvula ya chaka chino yakumba kuseri kwa kona.

Sindikunena kuti chilakolako chothamanga n'choipa mwa icho chokha. Chimangofuna malo ake. Kunja kuli mipikisano yokwera mapiri imene imachitika msewu utatsekedwa, anthu atadziwitsidwa, ambulansi ili pafupi, galimoto zitayesedwa, oyendetsa atavala zipewa zodzitetezera. Magulu a okonda galimoto a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu angathe kukhala pansi ndi apolisi, makhonsolo ndi mafumu n'kupempha kachigawo ka msewu kwa maola ochepa kamodzi pachaka, makamaka pamene pali njira ina yodutsira anthu. Amisiri osema, ogulitsa zipatso ndi eni malo ogona alendo angapezepo kangachepe tsiku limenelo. Magulu omwewa ndi amene ali ndi kuthekera kolemba mndandanda wa makona opanda zikwangwani, kuwajambula zithunzi, n'kukapereka kwa a Roads Authority mvula isanayambe. Ine ndili wokonzeka kuyamba ndi chigawo cha Masasa mpaka Golomoti ngati anzanga angapezeke.

Ine wanu,
Dalaivala wokonda misewu ya m'mapiri,
Dedza