Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaubale ndi Mayiko Akunja

Olemekezeka a Nduna,

Ndalemba poyera chifukwa makalata amene ife a kumpingo tinatumiza kumaofesi osiyanasiyana pa nkhani ya othawa kwawo sanayankhidwe.

Gawo 13(k) la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limati Malawi aziyendetsedwa motsata malamulo a pakati pa mayiko. Gawo 39 limapatsa munthu aliyense ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'dziko muno. Koma mu 1987, polowa m'pangano la 1951 loteteza othawa kwawo, boma la chipani chimodzi linakana mfundo zina, kuphatikizapo ufulu woyenda ndi wolembedwa ntchito. Mpaka lero kukanako sikunachotsedwe. Kunyumba tinasintha malamulo, koma kunja tikuyankhulabe ndi pakamwa pa Kamuzu.

Zotsatira zake tinaziona mu May 2023, pamene boma linkakakamiza othawa kwawo kukakhala ku msasa wa Dzaleka. M'dera lathu munali mayi wa ku Burundi wa kagolosale, amene ankatikongoza shuga ndi sopo mwezi ukafika pakati. Ana ake anabadwira konkuno ndipo Chichewa ndiye chiyankhulo chawo. Anawakweza mulole mbandakucha, phala lili pamoto, wamng'ono atavala yunifolomu ya sukulu. Atabwerera kudzaona katundu, anapeza mashelefu ali mbee, ngakhale kope la ngongole kulibe. Mayiyo anangokhala pakhonde osalira n'komwe, ife anansi tikusowa pomuyang'anira. Kodi analakwanji, bwana? Kugulitsa sopo?

Zina mukuzidziwa. Ena anasungidwa ku ndende ya Maula pamodzi ndi ana. Dzaleka, imene inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, inakonzedwera anthu osapitirira 12,000 koma muli oposa 50,000. Lamulo la othawa kwawo ndi lija la 1989, lakale kuposa malamulo aakulu a dziko.

Ndimalemekeza udindo wanu, ndipo ndikudziwa kuti chitetezo cha dziko si nkhani yamasewera. Komatu ife ndi amene tinalandira anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi nthawi ya nkhondo yawo. Mu 2019 ku Geneva boma linalonjeza kukonzanso malamulowa. Lonjezolo lili kuti?

Pempho langa ndi ili: lemberani bungwe la United Nations kuti Malawi wachotsa kukana kwa 1987, ndipo limodzi ndi nduna inzanu yoona za chitetezo cha m'dziko mutengere ku Nyumba ya Malamulo bilu yolowa m'malo mwa lamulo la 1989. Mutiuze poyera tsiku lake.

Ine nzika ya ku Lilongwe