Mng'ono wanga wasintha chibwerereni ku mpikisano, koma akufuna kulowanso wina

Okondedwa Alangizi,

Ndikukulemberani pa nkhani ya mng'ono wanga wa zaka 23, amene ndakhala ndikumulera chimwalirireni mayi athu. Chaka chatha analowa mpikisano wa chiphadzuwa umene unkaonetsedwa pa wailesi ya kanema, ndipo anafika m'gulu la omaliza, koma chisoti chinapita kwa wina. Kugonjako sikumene kukundidetsa nkhawa, chifukwa usiku womwewo iye ankaseka ndi kumuyamikira mnzake amene anapambana. Chikundisowetsa tulo ndi mmene wakhalira chibwerereni kunyumba, komanso zoti tsopano wasankhidwa kukalowa m'pulogalamu ina, ya mtundu uja amatsekera anthu m'nyumba imodzi kwa milungu yambiri, makamera n'kumawajambula usana ndi usiku, oonera n'kumavota kuti atuluke ndani.

Zabwino zinalipo ndithu, ndipo sindingazibise. Anaphunzira kulankhula pagulu mopanda mantha, anapeza anzake enieni awiri kapena atatu, ndipo kwa kanthawi ankadzidalira kuposa kale. N'chifukwa chake sindikufuna kuti mundione ngati munthu wongodana ndi mipikisano.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa nthawi yokonzekera ankawayeza thupi kawirikawiri, ndipo mmodzi mwa owaphunzitsa anamuuza pamaso pa anzake kuti kamera imanenepetsa munthu, choncho achepetse kudya. Mawu amenewo sanamuchoke mpaka lero. Amadumpha chakudya n'kunena kuti wadya kale kwina, amakwera sikelo m'mawa uliwonse, ndipo sangatsegulire mlendo chitseko asanadzole zodzoladzola. Chinanso n'chakuti ojambula ankakhala nawo tsiku lonse, koma pa kanema panaoneka timphindi tochepa tosankhidwa ndi okonza pulogalamu. Tsiku lina anasemphana mawu ndi mnzake pa nkhani ya zovala, n'kupepesana pasanathe ola, koma oonera anangoonetsedwa pamene iye ankakweza mawu, kupepesanako kutadulidwa. Kuyambira pamenepo, pa masamba a mchezo anasanduka "wamwano uja", ndipo anthu amene sanakumanepo naye anayamba kukambirana za mano ake, khungu lake ndi chiuno chake popanda kulabadira kuti mwini wake akuwerenga. Amawerengadi ndemanga iliyonse, makamaka usiku, ndipo zoipa amaziloweza pamtima pamene zabwino amati anthu akungomumvera chisoni.

Usiku womaliza utangodutsa, okonza mpikisano anangoti zii. Foni imene inkalira kosalekeza inasiya kulira, koma ngongole za madiresi, tsitsi ndi zithunzi zinatsala. Ali ndi satifiketi ya maphunziro ake, komabe safuna kufunsira ntchito wamba poopa kuti anthu adzanena kuti chiphadzuwa chagwa. Mgwirizano umene anasaina unapereka zithunzi ndi makanema ake m'manja mwa okonzawo, ndipo unamuletsa kulankhula poyera za zimene zinkachitika kuseri, moti ngakhale kanema womunamizirayo sangamuyankhe.

Nditaona zimenezi ndinayamba kuwerenga za ena amene anadutsa njira yomweyi, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti ngakhale opambana sapulumuka. Noelia Voigt, amene anali Miss USA wa 2023, anabweza chisoti mu Meyi 2024 ponena kuti akufuna kusamalira thanzi la maganizo ake, ndipo patangopita masiku ochepa Miss Teen USA, UmaSofia Srivastava, nayenso anatula pansi udindo. Ku Britain, anthu awiri amene anaonekapo m'pulogalamu ya Love Island, Sophie Gradon ndi Mike Thalassitis, anadzipha mu 2018 ndi mu 2019. Sindikunena kuti pulogalamuyo ndiyo inawapha, pakuti imfa yotere imakhala ndi zifukwa zambiri zimene ife akunja sitingazione. Koma eni ake a wailesi ya ITV, imene imaonetsa pulogalamuyo, anaona kuti pakufunika kusintha, moti kuyambira 2019 analonjeza kuti aliyense wotuluka m'pulogalamuyo azionana ndi katswiri wa za maganizo kosachepera kasanu ndi katatu, azimuyendera kwa miyezi 14, komanso azimuphunzitsa za ndalama ndi za masamba a mchezo. Mu 2021 bungwe la Ofcom, loyang'anira mawailesi m'dzikolo, linakhazikitsa malamulo okakamiza mawailesi kusamalira anthu amene amatenga nawo mbali m'mapulogalamu. Ndawerenga mgwirizano watsopano umene mng'ono wanga wapatsidwa kuti asaine, ndipo mulibe mawu ngakhale amodzi onena za chisamaliro chotere. Muli masamba ambiri ofotokoza zimene iye sayenera kuchita.

Nditamuuza zonsezi, anandiyankha ndi chitsanzo chakechake. Anatchula Chidimma Adetshina, amene mu 2024 anatuluka mu mpikisano wa Miss South Africa atanyozedwa kwambiri pa intaneti chifukwa cha kumene makolo ake anachokera, koma chaka chomwecho anakaimira Nigeria ku Miss Universe n'kukhala wachiwiri. Mng'ono wangayo akuti munthu wonyozedwa sathawa, amabwerera kukadziyeretsa, ndipo akukhulupirira kuti makamera akamujambula tsiku lonse anthu adzaona khalidwe lake lenileni. Apa ndi pamene tasiyanirana kwambiri. Ine ndikuona kuti mapulogalamu amenewa amakopa oonera ndi mikangano ndi misozi, ndipo amene amasankha zoti zionetsedwe si iye ayi. Okonza mapulogalamuwa amawalanda mafoni olowa m'nyumbamo, amawasowetsa tulo, amawalekanitsa ndi abale awo, kenaka n'kudikira kuti wina apse mtima. Munthu amene akupita kumeneko ali ndi bala kale, komanso ali ndi dzina loti ndi wamwano, ndikuopa kuti amusankhira dzina lomwelo.

Vuto langa ndi lakuti iye ndi munthu wamkulu, ndipo sindingamutsekere m'nyumba. Ndikangoyamba nkhaniyi amati ndikumuchitira nsanje, kapena amati sindinamukhulupirirepo chiyambire. Achibale ena akumulimbikitsa chifukwa akuwerengera ndalama za mphotho, ngakhale kuti wopambana amakhala mmodzi yekha pa gulu lonselo. Ndikuopa kuti ndikalimbikira kumuletsa adzasiya kundiuza zakukhosi, ndipo pa tsiku limene adzafune munthu womumvera adzachita manyazi kubwera kwa ine. Komanso ndikakhala chete, ndiye kuti ndikuonerera akuwonda ndi kusowa tulo pamaso panga.

Choncho ndikupempha mundithandize nzeru. Ndingayambe bwanji kulankhula naye za kadyedwe kake popanda kutchula za thupi lake, poti mawu onena za thupi ndi amene anamuvulaza poyamba? Kodi zizindikiro ndafotokozazi zafika poti aonane ndi dokotala kapena katswiri wa za maganizo, ndipo munthu amene akukana kuti ali ndi vuto mumamufikitsa bwanji kumeneko osamukakamiza? Nanga ngati watsimikiza mtima kupita, n'chanzeru kuti tionetse mgwirizanowo kwa loya asanasaine, ndipo ndi zinthu ziti zimene munthu wamba ngati iye angaumirire kuti zilembedwemo, monga uphungu akatuluka kapena ufulu wochoka pamene waona kuti sakupirira? Wandipemphanso kuti ndiziyendetsa masamba ake a mchezo pa nthawi imene adzakhale m'nyumbamo, ndipo sindinamuyankhe, chifukwa kuvomera kukuoneka ngati ndagwirizana ndi ulendowu, pamene kukana ndiye kuti ntchitoyo aipereka kwa munthu amene sadzamubisira ndemanga zonyoza akadzatuluka. Pa zimenezinso mundiuze choyenera kuchita.

Ine wanu,
Mkulu wake wothedwa nzeru