Kalata kwa Tiyamike: ndagwa ndi kamawu ka zilembo zitatu

Mtendere, Lusaka
Lachisanu usiku

Tiyamike mnzanga,

Kalata yako ndinaiwerengera m'minibasi pochokera ku ntchito, mpaka kondakitala anachita kundigwedeza paphewa titadutsa kale pamene ndimatsikira. Ndiye ku Leeds, ku Mangalande uko, wagula majuzi anayi? Iwe yemwe uja unkati kuzizira kwa mu June nkwa anthu aulesi? Ndaseka mpaka misozi.

Wafunsa za mayeso. Bwenzi usanafunse. Zotsatira za IELTS, mayeso a Chizungu aja, zinatuluka. Kumva, kuwerenga ndi kulankhula ndinadutsa bwinobwino, koma pa kulemba ndinapeza 6, chonsecho bungwe la anamwino kumeneko limafuna 6.5. Theka lokha, mwali! Ndalama zonse zija zachilimba zinapita ngati madzi.

Ndinatengera a Zulu, amene amandithandiza Chizungu, zimene ndinkalemba pokonzekera. Anakhala pakhonde pawo ndi bolopeni yofiira, magalasi ali pamphuno, ndipo pepala linabwerera ngati lagwera m'mbale ya tomato. Akuti Chizungu changa chilibe vuto, koma ndimameza timawu titatu: "a", "an" ndi "the". Ndinatsutsa, umandidziwa. Koma nditafika ku wodi m'mawa mwake ndinatsegula faelo ya wodwala n'kuwerenga dzanja langa lomwe: "Patient given injection, wound cleaned, doctor informed." Palibe ngakhale kamodzi. Zaka zonsezi takhala tikulemba choncho, ndipo palibe sisita anatidzudzulapo. Iwenso unkalemba chimodzimodzi, usakane. Unadutsa bwanji, mfiti iwe?

Za "a" ndi "an" sizinandivute kwambiri. Ku pulayimale anatiuza kuti "an" amabwera mawu akayamba ndi a, e, i, o, u, koma anatiuza theka. Chofunika ndi mmene liwulo likumvekera pakamwa, osati chilembo chapapepala. N'chifukwa chake timati "an hour", poti h uja satchulidwa, ndiponso "an X-ray", poti pakamwa pamayamba "eks". Koma "a uniform" ndi "a university", chifukwa zimayamba ngati "yu". Izi ndinazigwira tsiku limodzi. Ndinasiyanso kunena "an advice", ngakhale theka la Lusaka limatero. Akuti malangizo sawerengedwa ngati mazira, chimodzimodzi "information" ndi "furniture".

Koma "the", mayo! Kameneka kandilanda tulo. Tamvera. Mitsinje imafuna kameneka: "the Kafue", "the Luangwa", "the Zambezi". Nyanja zathuzi sizifuna: "Lake Kariba", "Lake Malawi". Tsono taganiza, madzi a ku Kariba ndi a Zambezi omwewo. Akamayenda ali ndi "the", akangofika padamu n'kuima, kamawu kathawa. Mwina n'kamene kanapita ndi madzi, n'chifukwa chake magetsi a ku Kariba kulibe, tili mumdima. Ndikukulembera pakandulo, ndipo kandulo zamasiku ano n'zoonda ngati chala cha mwana. Dziko lathu ndi "Zambia" basi, koma sintha chilembo chimodzi upeza "the Gambia". Timati "the Copperbelt" koma "Eastern Province" timangoitchula choncho tikamacheza. Ndinafunsa a Zulu kuti anagawa ndani zimenezi, anangoti: "Loweza, mwana wanga." Kuloweza ine, mutu wodzaza kale ndi mtengo wa makala ndi fizi ya Chisomo?

Ndiye pali iyi imene inandipsetsa mtima. Kwa azungu akowo, wodwala amene wagonekedwa ali "in hospital", koma ine amene ndimamusambitsa ndili "at the hospital". Mwana wasukulu amapita "to school", kholo lokakambirana za fizi limapita "to the school". Kandende nakonso chimodzimodzi: mkaidi ali "in prison", iwe wokamupatsa nsima ukupita "to the prison". Nditangoti ndamva, a Zulu n'kuwonjezera kuti ku America wodwala amakhala "in the hospital". Ndinatseka kope n'kukatsuka mbale.

Pano ndayamba misala. Ndimawerenga zikwangwani pa Cairo Road n'kumasaka pamene pasowa "the". Lamlungu abusa atasakaniza Chizungu mu ulaliki, ine m'malo momva uthenga ndinali kuwerenga zala. Analumpha kasanu ndi kawiri. Mulungu andikhululukire.

Amene wanditsegula maso ndi Chisomo, osati a Zulu. Lolemba madzulo ndikusenda anyezi, analowa akuthamanga: "Amama, galu wina walowa pageti!" Tinamuthamangitsa. Patapita kanthawi anabweranso: "Amama, galu uja wabweranso!" Ndinaima mpeni uli m'manja. Galu wina, galu uja. Woyambayo sitikumudziwa, ndi galu chabe mwa agalu onse a mu Mtendere. Wachiwiriyo tonse awiri tikumudziwa. Si "a dog" ndi "the dog" zimenezo? Ndinakumbuka agogo ako ku Katete akutiimbira nthano pamoto: "Padangotero, padali munthu wina..." Tikangoti "tili tonse", munthuyo wasanduka "munthu uja" mpaka nthano kutha. Tinayamwira zimenezi, Tiya. Kungoti ife timaika pambuyo pa dzina ndipo tikafuna timasiya, pamene azungu amaika patsogolo ndipo kusiya n'kulakwa. A Zulu nditawauza anavula magalasi n'kunena kuti m'Chizungu chakale "an" anachokera ku liwu lotanthauza "chimodzi", ndipo "the" ndi m'bale wake wa "that". Nanga ankadikira chiyani osandiuza poyamba?

Tsopano ndikamalemba ndimadzifunsa m'Chinyanja: apa ndingati "wina" kapena "uja"? Zimathandiza, koma si ponse. Palibe amene amati "dzuwa lija latuluka" ngati kuti pali lina, koma iwo amati "the sun" chifukwa ndi limodzi lokha. Ndipo ndikamanena za odwala onse padziko, ndingoti "patients" popanda kanthu. Apa mpamene ndimagwa kawirikawiri, ndimathira "the" paliponse ngati mchere wa mkazi watsopano.

Zina, Mavuto anatomera mtsikana wa ku Chawama uja, chinkhoswe chili mu Disembala. A Banda apakona tinawaika mwezi watha, kunali anthu ambiri. Amama BP inakweranso, anagona masiku atatu. Eya, "in hospital". Ndinali pambali pa bedi lawo usiku, botolo la diripi likudontha, ine m'mutu mukuzungulira kamawu kameneko. Ndinachita manyazi ndekha. Atatuluka anandifunsa kuti, "Ukakhoza mayeso akowo, adzandiyeza ndani BP?" Sindinayankhe. Ndinangowakonzera chitenje paphewa.

Nthawi zina ndimadzifunsa ngati theka lija ndinalitaya mwangozi kapena dzanja linachita dala. Usauze alamu ako zimenezi, iwo anayamba kale kufunsa mitengo ya majuzi ku Kamwala. Ndilembanso mayeso ndalama zikapezeka, mwina chimanga cha kumudzi chikagulidwa.

Unditumizire mafuta odzola aja, omwe unatumiza chaka chatha Esinati anamaliza yekha. Ndipo undifunsireko kwa anzako kumeneko: bwanji amati "go home" popanda "a" kapena "the", pomwe "house" amafuna? Ndakhala ndikuliganizira liwu limeneli kuyambira tsiku lija amama anandifunsa, ndiye ndimati mwina chifukwa chake n'chakuti

Kandulo yatha. Ndipitiriza mawa ngati ayatsa.

Ine wako,
Nabanda