Lipoti la msonkhano wa owerenga: mlandu wa Eddard Stark

A wapampando ndi anzanga nonse a m'gulu lathu lowerenga mabuku,

Munandituma kukakuimirirani pa msonkhano wa magulu owerenga, ndipo munandisenzetsa mfundo imodzi: yakuti Eddard Stark, wa m'buku la George R. R. Martin la A Game of Thrones lomwe linatuluka mu 1996, anali munthu wolungama amene anafera kukhala pakati pa achinyengo. Ndabwerako, ndipo sindikubisirani, mfundo yathu sinaime yonse.

M'mawa tinakamba za kalembedwe ka bukuli, ndipo panalibe chachilendo. Mkangano unabuka masana, titafika pa zomwe Eddard, amene amatchedwanso Ned, anachita ali nduna yaikulu ya mfumu Robert Baratheon ku King's Landing.

Woyamba kumuthira nkhondo anali bambo wina wachikulire. Anatikumbutsa kuti Ned atazindikira zoti Joffrey, Myrcella ndi Tommen ndi ana a Jaime Lannister, osati a mfumu, anaitana mayi wawo Cersei, mkazi wa mfumu komanso mlongo wa Jaime, n'kumuuza zonse, namulangiza kuti athawe ndi anawo Robert asanabwere kosaka. Bamboyo anamaliza ndi mwambi uja, chifundo chinapha nkhwali, ndipo ambiri anaomba m'manja.

Apa ndinaimirira. Ndinati Ned anali asanaiwale za ana a Rhaegar Targaryen (mwana wa mfumu imene Robert anailanda ufumu), Rhaenys ndi Aegon, amene anaphedwa mzinda wa King's Landing utalandidwa, ndipo ankadziwa zomwe mkwiyo wa Robert ungachite kwa ana atatu osalakwa. Ndi Ned yemweyo anatula udindo pansi pamene mfumu inalamula kuti Daenerys, mlongo wa Rhaegar, aphedwe ali woyembekezera. Munthu wokana kuti ana aphedwe sitingamutche chitsiru. Pamenepa ndinalankhula ndi mtima wonse, ndipo mpaka pano sindinasunthe.

Chomwe chinandigwetsa mphwayi ndi yankho la mayi wina amene anali chete tsiku lonse. Iye sanatsutse chifundocho. Anangofunsa kuti pamene Ned amachenjeza Cersei, ana ake omwe, Sansa ndi Arya, anali kuti. Anali mumzinda momwemo. Zowatumiza kwawo ku Winterfell zinali zitakonzedwa, koma anali asananyamuke, ndipo Sansa anakaulula za ulendowo kwa Cersei. Ned anaganizira ana a mdani wake, ake ali pakamwa pa mkango. Ndinasowa chonena, chifukwa n'zoona.

Mayiyo anapitiriza. Usiku umene Robert anali kutsirizika, Renly, mng'ono wa mfumu, analonjeza Ned amuna 100 onyamula malupanga kuti agwire Joffrey usiku womwewo. Ned anakana, ati sangachititse manyazi maola otsiriza a mnzake pokhetsa magazi ndi kudzutsa ana ogona. Koma usiku womwewo, polemba mawu otsiriza a mfumu, pomwe Robert anatchula mwana wake Joffrey iye analemba zoti wolowa m'malo, osamuuza. Kenako anatuma Petyr Baelish, msungichuma wa mfumu, kukagula asilikali olondera mzinda ndi ndalama, Baelish yemwe anali atamuuza kale kuti asamamukhulupirire. Ndiye kuti Ned sankakana chinyengo chonse. Ankakana chokhacho chomwe chikanadetsa manja ake poyera, ndipo chomwe analola anachipereka kwa munthu wolakwika. Cersei anang'amba pepala lija pamaso pa onse, alonda anatembenukira Ned, ndipo anthu ake a ku Winterfell anaphedwa tsiku limenelo. Iwo sanafunsidwe ngati akulola kufera ulemu wa mbuye wawo.

Mfundo yomalizayi ndi imene yandisautsa chibwerereni. Ife pokambirana tinkangoona mutu wa Ned ukudulidwa pa kachisi wa Great Sept of Baelor, osawerenga Jory Cassel, mkulu wa asilikali a Ned, ndi anzake amene Jaime anawaphetsa mumsewu, Ned atanena kuti mkazi wake Catelyn anagwira Tyrion, mng'ono wa Jaime, molamulidwa ndi iye. Anateteza mkazi wake ndi bodza, ndipo amene analipira ndi ena.

Pomaliza ndinapempha kuti zilembedwe zakuti Ned anavomera mlandu woukira umene sanapalamule pofuna kupulumutsa Sansa, kutanthauza kuti pamapeto anaika mwana patsogolo pa dzina lake. Anavomereza, ngakhale ena anati anachedwa nazo. Msonkhano sunaponye voti. Ambiri anatuluka akunena kuti mtima wa Ned unali wabwino, koma sankadziwa kuwerenga anthu, ngakhale kusankha nthawi yolankhula.

Pempho langa ndi lakuti tikadzakumananso, aliyense adzabwere atawerenganso mitu ya Eddard kuyambira pomwe akukumana ndi Cersei mpaka pomwe Varys, mkulu wa akazitape a mfumu, akumuyendera m'ndende, ndipo tidzayambe ndi funso la mayi uja lokhudza Sansa ndi Arya.

Ine nthumwi yanu.