Lipoti la msonkhano wa amakaniko ku Tete: za kusintha ekiselo ya kumbuyo

A wapampando, a msungichuma, ndi anzanga nonse a m'gulu lathu kuno ku Ulongwé, nali lipoti la ulendo womwe munandituma mumzinda wa Tete. Malisiti a minibasi ndi malo ogona ali kwa a msungichuma, wofuna akawaone. Amene mukuti ndalama ya ulendo inachuluka, kumbukirani kuti Tete si Angónia: ndi kutentha kwa m'mphepete mwa Zambezi kuja, chipinda chopanda fani sichigoneka, ndipo madzi akumwa ndi ogula.

M'mawa munali malonje, kalembedwe ka mabuku a ndalama, ndi za oyilo wakutha kuti tisamataye pansi. Mapepala ake ndabweretsa.

Phunziro la masana ndi limene lalipira ulendo wonsewu. Bambo wina wachikulire wa ku Moatize anagoneka pansi maekiselo awiri (zitsulo zija zolumikiza matayala a kumbuyo), ya Toyota Hilux ndi ya Isuzu KB, n'kufunsa ngati ina ingalowe m'malo mwa inzake. Ambiri anavomera, poti onse ali ndi mabawuti 6 a tayala pa mzere wozungulira wa mamilimita 139.7 m'mimba mwake, monganso Nissan Hardbody ndi Mitsubishi L200. Bambowo anatulutsa tepi. Tayala kulowa, anatero, si ekiselo kulowa.

Choyamba kuyeza ndi m'lifupi, kuchokera pokhala tayala mbali ino kufika mbali inayo. Ikafupika, tayala limakhula sipuling'i kapena chasisi; ikatalika, limadya bodi galimoto ikalemedwa. Kenaka mtunda wa pakati pa mipando iwiri yokhala masipuling'i, komanso ngati sipuling'i imakhala pamwamba pa ekiselo kapena pansi pake. Ngakhale ma Hilux okhaokha amasiyana: akale a 4x4 (oyendera matayala onse anayi) sipuling'i ili pamwamba ndipo mabawuti ndi 6, pomwe ambiri oyendera kumbuyo kokha ili pansi ndipo mabawuti ndi 5.

Mipando ikasiyana timadula n'kuwotcherera ina, ndipo apa ndi pomwe ife kuno tikuphera magalimoto a anthu. Mphuno ya difu (bokosi la magiya la pakati pa ekiselo logawira mphamvu ku matayala) iyenera kupendekeka molingana ndi kumbuyo kwa giyabokosi. Ikaphonya pang'ono, galimoto imanjenjemera ndipo makolosi (mfundo zopindika) a propshafiti, chitsulo chozungulira chochokera ku giyabokosi kupita ku difu, amatha msanga. Bambo aja a ku Moatize amagwiriza kaye mipandoyo ndi timadontho towotcherera, kutsitsa galimoto ikhale pa matayala ake, kuyeza ndi kachipangizo koyezera kupendekeka, kenaka kuwotcherera pang'onopang'ono mosinthana mbali kuti paipi ya ekiselo isapindike ndi moto. Ife timayeza ndi diso. Pikapu ija ya mbatata ya ku Tsangano yomwe yabwerera kangapo makolosi atatha, mwini wake mpaka kutitukwana pamsika, vuto lake ndi limeneli, ndipo amene anaigwira akudzidziwa. Dzina lonyozekalo likugwera tonse.

Za mano a difu anazifotokoza bwino kwambiri. Mukuwerenga mano a giya yaikulu n'kugawa ndi a yaing'ono: 41 kugawa ndi 10 ndi 4.10, 41 kugawa ndi 9 ndi 4.56, 39 kugawa ndi 8 ndi 4.88; imeneyi ndiye nambala ya difu. Pa difu wamba, yosamanga matayala awiri pamodzi, simufunikanso kutsegula: kwezani tayala limodzi ndi jeke, lizungulitseni kawiri, muwerenge maulendo omwe propshafiti yazungulira. Nambala yaikulu imakoka bwino matumba a chimanga ndi mbatata pa zitunda zathuzi, koma pa msewu wa tala wa N7 injini imalira ndi kumwa mafuta, ndipo sipidomita imanama. Pa 4x4 difu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ziyenera kufanana. Zikasiyana, mukangolowetsa 4x4 pouma, china chithyoka.

Mabowo a propshafiti, kebulo ya handibuleki, mapaipi a mabuleki ndi pomangira mashoko, zonse ziyezedwe ndalama isanatuluke m'thumba. Anatsindikanso za valavu ya mabuleki a kumbuyo yomwe imamva kulemera kwa katundu. Ena amangoimanga ndi waya chifukwa kamtengo kake sikakufika pa ekiselo yatsopano. Galimoto yotero, yodzaza anthu ochokera ku msika, potsetsereka nthawi ya mvula, ndi ngozi yoyembekezera tsiku.

Msonkhano unagwirizana kuti wosintha ekiselo azilembera mwini galimoto pepala lonena galimoto yomwe yachokerako ndi nambala ya difu. Ine ndinakweza dzanja. Koma ganizo loti ntchitoyi izigwiridwa ndi magalaja aakulu okha ndinalikana, ndipo silinadutse. Mlimi wa ku Dómuè akoke galimoto yakufa mpaka ku Tete ndi ndalama iti?

Tsono pempho langa. Tigule kachipangizo koyezera kupendekeka ndi tepi yabwino, zikhale za gulu. Ndikudziwa ena muti ndalama kulibe. Kulibe chifukwa zopereka za pamwezi ena anasiya kalekale koma pa zida za gulu ndi oyamba kubwereka. Makina owotcherera omwe tinasonkhera tonse akukhala pa galaja imodzi ngati a munthu, ndipo jeke yaikulu yomwe inatuluka nthawi yokolola sinabwerebe. A wapampando, ndikupempha kuti Loweruka zinthu ziwirizi zibwere pamaso pa gulu, tilembe buku la obwereka, ndipo ine ndidzabweretsa ekiselo yakale kuti tonse tidzayeze ndi manja athu.