Makampani akunja abwere, koma asatidyere masuku pamutu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya makampani akunja a zamakompyuta ndi mafoni omwe akuthamangira kuno ku Africa. Msika ulipo, zimenezo sitingakane ayi. Taonani Airtel, eni ake ndi amwenye a Bharti omwe anagula Zain mu 2010, lero ngakhale agogo kumudzi akulandira ndalama pafoni osakweranso minibasi kupita kubanki kuboma. Starlink, kampani ya intaneti yodzera pa satelayiti, nayo inafika kuno mu 2023 ndipo malo ena omwe netiweki timachita kukasaka pachulu pano intaneti ikugwira, ngakhale mtengo wa kadishi kakeko ndi wa mabwana, ife a mabandulo a tsiku timangoonera. Huawei ya ku China ndiye osanena, fayiba ya boma ija, mawaya oyendetsa intaneti m'dziko muno, anayala ndi iwowa.

Koma chikundiwawa ine ndi ichi, anyamata ndi atsikana athu akumaliza ku MUBAS, MUST ndi Mzuni akudziwa kupanga mapulogalamu bwinobwino koma kontilakiti yaikulu ikatuluka imapita kwa akunja, iwo amabwera ndi anthu awo, athuwa n'kumangopatsidwa yokoka mawaya basi. Ndiye sisitimu ikafa tizidikira munthu akwere ndege, kulipira kwake m'madola omwe tilibe kale, paja kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023.

Boma ndi MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, aziika pa laisensi kuti kampani yobwera iphunzitse ana athu ndi kuwalemba ntchito m'maudindo enieni. Ndipo akunjawo adziwiretu za kuthimathima kwa magetsi, abwere ndi sola yawo.

Wokhudzidwa,
Area 25, Lilongwe